Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro pa Imfa ya Aphunzitsi Athu a Chifalansa

Olemekezeka a Nduna,

Kalatayi ikuchokera kwa ine ndi anzanga amene tinadutsa m'manja mwa aphunzitsi ena a Chifalansa pa sukulu ina ya sekondale ya boma, kumudzi. Aphunzitsiwo tinawaika m'manda miyezi ingapo yapitayo. Dzina lawo ndi la sukuluyo sinditchula muno, chifukwa mayi a kunyumba kwawo anatipempha kuti dzina la amuna awo lisayende m'manyuzipepala. Zonsezo zili m'makalata amene tinapereka kale, ndipo tsiku lomwe mudzatiitane tidzabwera nawo.

Sichinali cholinga chathu kufika pabwalo. Tinayamba ndi njira yomwe malemuwo akanaikonda, ya kugogoda ndi kudikira. Tinalemba makalata, ena tinakapereka pamanja, tinaimba mafoni, tinakhala pamabenchi a m'maofesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mayankho ake anali omwe aja amene Mmalawi aliyense amawadziwa: "tikuziona", "abwana atuluka", "mudzabwerenso sabata yamawa". Ali moyo, aphunzitsiwo ankatiphunzitsa kusakweza mawu, ati boma ndi kholo, silichititsidwa manyazi pagulu. Tinawamverabe ngakhale adzukulu atafotsera kale manda awo. Lero tikulembera inu poyera, osati pofuna kukulozani chala pa zimene zinachitika musanazimve, koma chifukwa ndinu amene muli ndi mphamvu zokonza zotsalazo.

Aphunzitsi athu anali ndani

Ndiloleni ndiyambe ndawafotokoza, chifukwa m'mafayilo munthu amasanduka nambala, ndipo nambala siidandaulitsa aliyense.

Anabadwira m'banja la alimi, ndipo Chifalansa anakumana nacho koyamba ku sukulu ya mishoni, kwa wansembe wina wokalamba amene ankalalikira m'Chichewa chosalala koma akamawerenga ndalama za chopereka ankang'ung'udza m'chiyankhulo cha kwawo. Ankakonda kutikumbutsa kuti Chifalansa si mlendo wa dzulo m'dziko muno. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901, ndipo a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Ambiri mwa iwo Chifalansa anayamwira, koma anakhala pansi n'kuphunzira chiyankhulo cha agogo athu mpaka kumalemba nacho mabuku. Aphunzitsi athu ankati ngati anthu aja anatha kupinda lilime kuti anene zathu, palibe chimene chingaletse mwana wa mlimi wa mtedza kupinda lake kuti anene zawo. Atamaliza sekondale anapita ku Chancellor College ku Zomba, ndipo atatuluka kumeneko anzawo ena analowa ntchito za m'maofesi a akazembe ndi m'mabungwe akunja. Iwo anasankha choko, ndipo anachigwira zaka zoposa makumi atatu.

Tonse tinkawatchula kuti a Monsieur, ngakhale amayi ogulitsa zitumbuwa pageti. Anali ndi wailesi yaing'ono yakuda, yomangidwa ndi mphira pomwe chotsekera mabatire chinathyoka. Loweruka m'mawa ankaitulutsa pakhonde la nyumba yawo, n'kukoleka waya panthambi ya mtengo wa mango kuti igwire bwino Radio France Internationale, ife titakhala mozungulira, aliyense ndi kope pabondo. Mawu ankabwera n'kumapita, nthawi zina mkokomo wokhawokha, koma iwo ankatiuza kuti aliyense atole mawu asanu okha amene wamva. Nkhani zikatha tinkasonkhanitsa zomwe tatola, ndipo pang'onopang'ono zinkatuluka kuti ku Abidjan kwachitika zakuti, ku Kinshasa akukambirana zakuti. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa kuti akokereko tsiku lina. Ndalama yogulira mabatirewo inkachokera m'thumba mwawo, ndipo sindinawamvepo akuitchula.

M'kalasi ankabweretsa msika. Ankayala matimati, anyezi, kambale ka usipa ndi botolo la mafuta ophikira patebulo, n'kuika mtsikana mmodzi kukhala wogulitsa, ife ena ogula. Lamulo linali limodzi: unenerere mtengo m'Chifalansa, ukalephera ubwerere chimanjamanja. Atsikana ndiwo ankayamba kuyankhula nthawi zonse, chifukwa anaona kuti akapanda kutero anyamata amalanda bwalo lonse. Mwana akalakwitsa sankamuseka, ndipo wina akaseka mnzake ankamuimiritsa kuti anene iyeyo chiganizocho. Ambiri a ife tinafika ku Fomu 1 tili amanyazi, oopa ngakhale Chingerezi chimene, koma mantha oyankhula pagulu anathera m'kalasi imeneyo.

Buku lomwe ankalikonda koposa linali Le Mandat la Ousmane Sembène wa ku Senegal. Analipo nalo limodzi lokha, lakutha m'mbali, ndipo ankatikopera masamba ake pamakina akale opukusa ndi dzanja. Ankatiwerengetsanso zigawo za L'Enfant noir la Camara Laye wa ku Guinea ndi Une si longue lettre la Mariama Bâ, kuti tidziwe kuti Chifalansa chomwe tikuphunzirachi ndi cha Aafirika anzathu amene amalima, kukwatira, kulira maliro ndi kudandaula za boma ngati ife. Sankatiphunzitsa kusirira Paris. Ankafuna kuti tidzathe kukhala pamphasa imodzi ndi munthu wa ku Lubumbashi kapena ku Antananarivo n'kumvana.

Mwa ana awo a sukulu lero muli omasulira, asilikali, ansembe, amalonda, ndi ine namwino. Pamaliro awo tinadzaza malole awiri. Koma titabwerera kumanda, tinakhala pansi ndi mayi amasiye n'kumva zonse zimene malemuwo ankatibisira. Madandaulo athu ndi awa.

Dandaulo loyamba: anamwalira akudikira ndalama zawo

Atakwanitsa zaka 60 anapuma pantchito monga lamulo linenera. Anatuluka m'nyumba ya sukulu, nabwerera kumudzi komwe anali atayamba kumanga nyumba ya njerwa zootcha, akuyembekezera kuti ndalama zopumira pantchito zikabwera afolera ndi malata. Nyumbayo ilipobe, yopanda denga, udzu ukumera m'zipinda.

Poyamba anauzidwa kuti fayilo yawo ikusowa. Itapezeka, anati mulibe kalata yowalembera ntchito, ya zaka makumi atatu zapitazo. Anaipeza m'sutikesi, nakaipereka. Kenaka kunatuluka nkhani yoti tsiku lawo lobadwa likusiyana pa mapepala awiri. Atakonza zimenezo anauzidwa kuti kalata yowakweza paudindo sinalowetsedwe m'kompyuta. Ulendo uliwonse unkafuna ndalama ya kabaza kukafika pamsewu, ya minibasi, ya chakudya, nthawi zina ya malo ogona. Anagulitsa mbuzi, kenaka njinga. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi atawagwira, mankhwala akasowa kuchipatala ankangokhala, chifukwa a kufamase sakanawakwanitsa. Anafika pokatenga katapila, munthu amene moyo wake wonse sanakongolepo ngakhale mchere.

A Nduna, m'buku lija la Sembène muli bambo wina wa ku Dakar, Ibrahima Dieng, amene mphwake anamutumizira ndalama kuchokera ku Paris. Kuti azilandire ku positi ofesi anafunika chiphaso, kuti apeze chiphaso anafunika kalata yobadwira ndi zithunzi, ndipo pozungulira m'maofesimo analowa m'ngongole ndalamazo asanazikhudze. Tili ana tinkaiwerenga ngati nkhani ya dziko lakutali. Mayi amasiye atatitulutsira jumbo yodzaza ndi mapepala, ena achikasu ndi ukalamba, ena odindidwa kawirikawiri, tinalira, chifukwa tinazindikira kuti munthu amene anatiphunzitsa nkhaniyo anaiyenda yekha ndi mapazi ake, osatiuza.

Tsopano jumboyo akuyenda nayo ndi mayiwo. Akuuzidwa kuti poti mwini wake anamwalira, zonse ziyambirenso: chiphaso cha imfa, kalata ya amfumu, umboni wa ukwati, mayina a ana. Mayiwa sukulu analekezera ku pulayimale, ndipo mafomu onse ali m'Chingerezi.

Pali chinanso chimene sichikambidwa mokwanira. Ndalama yochedwa siifika yonse. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Ndalama yomwe ikanagula malata a nyumba yonse pa tsiku lomwe anapuma, lero mwina igula a chipinda chimodzi. Wochedwetsa fayilo sataya kanthu, wotaya ndi mphunzitsi ndi ana ake. Ndipo si aphunzitsi athu okha. Pamabenchi aja tinakhala limodzi ndi azibambo ndi azimayi ena aimvi, ena a masamu, ena a Sitandade 1, aliyense ndi envulopu yake yakhaki. Aphunzitsi achinyamata amawaona anthu amenewa, ndipo amadziwerengera okha kuti kutsogolo kwawo kuli chiyani.

Dandaulo lachiwiri: kalasi yawo inatsekedwa

Chaka chomwe anapuma, sukulu inapempha mphunzitsi wina wa Chifalansa. Sanabwere. Ana amene anali ku Fomu 3 anauzidwa kuti asankhe phunziro lina, patatsala chaka chimodzi kuti alembe mayeso a MSCE. Ena ankayenda wapansi Loweruka kupita kumudzi kwa a Monsieur, ndipo iwo ankawaphunzitsa ulere pansi pa mtengo, akudwala kale. Gulu limenelo litalemba mayeso, Chifalansa chinachotsedwa pandandanda wa maphunziro a sukuluyo. Palibe anachita kulengeza kuti chathetsedwa. Chinangozimirira.

Izi zikuchitika m'malo ambiri, ndipo njira yake ndi imodzi. Mphunzitsi wa Chifalansa amakhala mmodzi pasukulu yonse. Akasamutsidwa, akapuma kapena akamwalira, phunziro limapita naye. Amene anaphunzira Chifalansa ku koleji akatumizidwa kusukulu yomwe ikusowa aphunzitsi, mphunzitsi wamkulu amamupatsa Chingerezi kapena Chichewa, chifukwa Chingerezi ndicho chimagwetsa ana pa MSCE. Sindikuwadzudzula aphunzitsi aakuluwo, akuchita zomwe angathe ndi anthu ochepa omwe ali nawo. Koma zotsatira zake n'zakuti boma limalipira maphunziro a munthu ku Zomba kapena ku Mzuzu kuti adziwe Chifalansa, kenaka osamugwiritsa ntchito yomwe anaphunzirayo, mpaka lilime limauma.

Wovutika ndi mwana wa kumudzi. Sukulu za mpingo zikuluzikulu, sukulu zolipira za m'tauni ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama zili ndi njira zopezera aphunzitsi a ziyankhulo. Mwana wa pa sukulu yoyendera ya CDSS, kumene kuli ana ambiri a sekondale m'dziko muno, amamaliza Fomu 4 asanamvepo chiganizo chimodzi cha chiyankhulo china kupatula Chingerezi. Bungwe la MANEB limakonza mayeso a Chifalansa a dziko lonse, koma mwayi wowalemba uli ndi ana ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi omwe makolo awo ali nazo kale. Aphunzitsi athu anakana ntchito za m'tauni pofuna kutseka mpata umenewu. Atangochoka, mpatawo unatsegukanso pamalo pomwe anaima.

Dandaulo lachitatu: dziko likufuna anthu amene sitikuwaphunzitsa

Ena amati Chifalansa n'chokongoletsera chabe, dziko losauka liyambe lathana ndi sayansi ndi masamu. Sayansi ndi masamu n'zofunika, palibe akutsutsa. Koma ndikupemphani muone komwe Amalawi akusowera chiyankhulochi lero lomwe.

Msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, m'boma la Dowa, unatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Pakati pawo amayankhula Chiswahili, Chirundi ndi Chinyarwanda, ndipo ambiri amene akhalitsa anaphunzira Chichewa. Koma ongofika kumene, makamaka amene anapitako kusukulu, chiyankhulo chomwe amafotokozera za matenda, za mankhwala ndi za malamulo ndi Chifalansa, ndipo mapepala awo a kuchipatala amakhala olembedwa m'Chifalansa. Usiku wina ndili pantchito anabweretsa mwana wa zaka ngati zinayi, akupuma movutika, thupi likutentha. Jekeseni anali atakonzedwa kale. Mayi ake ankangogwira mkono wa mnzanga n'kumabwereza mawu omwewo, ndipo onse ankaganiza kuti ndi mantha chabe. Nditamufunsa m'Chifalansa, anandiuza kuti kwawo ku Uvira, ku Congo, mwanayo anabayidwapo penisilini, natupa nkhope n'kubanika, mpaka anatsala pang'ono kutisiya. Tinasintha mankhwala. Mwana uja anatuluka m'chipatala akuyenda yekha. Mawu amene ndinagwiritsa ntchito usiku umenewo ndinawatola pakhonde lija, pa wailesi yomangidwa ndi mphira. Ndimadzifunsa kuti zipatala, mapolisi ndi makhoti athu akukumana ndi anthu angati otere popanda wowamva.

Asilikali athu anatumizidwa kukasungitsa mtendere ku Côte d'Ivoire mu 2011, ndipo kuyambira 2013 anakhala akutumikira kum'mawa kwa Congo pansi pa bungwe la United Nations, limodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018 tinataya asilikali asanu ndi mmodzi kufupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene anapatsidwa mendulo yapamwamba ya United Nations chifukwa anafa akupulumutsa mnzake. Ku Côte d'Ivoire ndi ku Congo komwe, chiyankhulo cha boma ndi Chifalansa. Mnzathu wina wa m'kalasi amene anapita ku Congo anatiuza pamaliro kuti ankaitanidwa usiku ndi usana kukamasulira pakati pa akuluakulu ake ndi asilikali a dzikolo, chifukwa pagulu lake odziwa chiyankhulocho anali owerengeka.

Bungwe la SADC limagwiritsa ntchito Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo mu 2019 linavomerezanso Chiswahili. Mwa mamembala ake muli Congo, Madagascar, Mauritius, Seychelles ndi Comoros, komwe Chifalansa chimayankhulidwa. Bungwe la COMESA, lomwe linakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Lilongwe mu Disembala 1994 ndipo mlembi wake wamkulu woyamba anali Bingu wa Mutharika, nalonso limagwiritsa ntchito Chifalansa. Ntchito za m'mabungwe amenewa, ndi za ku African Union ku Addis Ababa, zikalengezedwa, wodziwa ziyankhulo ziwiri amakhala patsogolo. Timadandaula kuti Amalawi ndi ochepa m'maudindo akunja, koma chitseko chake timachitseka tokha ku Fomu 1.

Nkhaniyi siithera pa Chifalansa. Dziko la Mozambique latizungulira kum'mawa, kumwera ndi kumadzulo. Mafuta ndi feteleza wathu zimadutsa ku Beira ndi ku Nacala, madalaivala athu amadutsa pa Mwanza, Dedza ndi Muloza tsiku lililonse, koma Chipwitikizi amachitolera pamsewu, ndipo akagwidwa ndi mlandu amasaina mapepala omwe sakuwamva. Mu Julaye 2023, pamene mtsogoleri wa dziko la Tanzania, Samia Suluhu Hassan, anadzacheza kuno, zinanenedwa kuti Chiswahili chiyambe kuphunzitsidwa m'sukulu zathu. Tinakondwera nazo. Koma chiyankhulo chilichonse chimafuna munthu woima kutsogolo kwa bolodi chaka ndi chaka, wolipidwa panthawi yake, wokhala ndi womulowa m'malo. Ngati talephera kusunga Chifalansa chomwe chakhala m'sukulu zathu kuyambira zaka za m'ma 1960, chatsopanocho chidzaima pa chiyani?

Dandaulo lachinayi: zomwe anasiya zikuwonongeka

M'nyumba yaudzu momwe mayi amasiye akukhala muli makatoni anayi. Muli makope amene malemuwo analemba pamanja, ofotokoza malamulo a Chifalansa kudzera m'Chichewa, ndi zitsanzo za kudimba, kuchigayo ndi kumaliro. Anaona kuti magulu a mayina a m'Chichewa amathandiza mwana kumvetsa chifukwa chake mawu a Chifalansa amagwirizana ndi dzina lomwe akulifotokoza, ndipo anakonza maphunziro athunthu pa mfundo imeneyi. Muli timasewero tomwe ankalemba kuti ana achite, ndi makaseti a mawu a ana a zaka zosiyanasiyana. Chiswe chayamba kale katoni imodzi, ndipo dzinja likubwera. Tinalembera akuluakulu ena kuwapempha kuti atumize munthu adzaone ngati zolembazi zingathandize ena. Sitinayankhidwe.

Kale aphunzitsi ngati iwo anali ndi kothawira. Ku French Cultural Centre ku Blantyre kunali laibulale, mafilimu ndi bwalo la zisudzo, ndipo a Monsieur ankasonkhetsa makolo pang'onopang'ono kuti atitengere kumeneko kukachita sewero m'Chifalansa. Kwa ambiri a ife unali ulendo woyamba kuona mzinda. Malowo anatsekedwa mu 2011, boma linawagula n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma anaonongedwa ndi akuba ndipo kwa zaka zambiri anakhala osakonzedwa mokwanira. Kuyambira pamenepo mphunzitsi wa Chifalansa wa kumudzi anatsala yekha ndi choko chake.

Zimene tikupempha

Olemekezeka a Nduna, zopempha zathu ndi izi.

1. Ndalama zonse za malemuwa ziperekedwe kwa mayi amasiye ndi ana mvula isanayambe, ndipo powerengera paganiziridwe za kutsika kwa mphamvu ya kwacha m'zaka zomwe akhala akudikira. Pasankhidwe munthu mmodzi, wodziwika dzina ndi nambala ya foni, woti mayiwa azilankhula naye, m'malo moyenda khomo ndi khomo.

2. Unduna wanu, mogwirizana ndi maofesi ena okhudzidwa, uziyamba kukonza fayilo ya mphunzitsi aliyense kutatsala chaka kuti apume. Tsiku lopuma limadziwika kuyambira tsiku lolembedwa ntchito, choncho mapepala osowa angathe kufunidwa mphunzitsiyo akadali pamalipiro. Tikupemphanso kuti mulengeze chiwerengero cha aphunzitsi opuma amene sanalandirebe ndalama zawo, boma ndi boma, ndi nthawi yomwe aliyense wadikira, ndiponso kuti mafomu a amasiye akhale m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi ziyankhulo zina za m'dziko muno.

3. Ku sukulu yomwe malemuwa ankaphunzitsa kutumizidwe mphunzitsi wa Chifalansa chaka cha maphunziro chikubwerachi chisanayambe. Pakhalenso lamulo loti phunziro lisathetsedwe ana ali pakati pa ulendo wa ku mayeso.

4. Pachitike kalembera wa aphunzitsi onse amene anaphunzira Chifalansa koma akuphunzitsa maphunziro ena, ndipo agawidwe mwakuti boma lililonse likhale ndi sukulu zingapo, kuphatikizapo za CDSS, zophunzitsa chiyankhulochi. Komwe sukulu zayandikana, mphunzitsi mmodzi angathe kutumikira ziwiri ngati apatsidwa njinga ndi ndalama ya ulendo.

5. Mukambirane ndi nduna inzanu yoona za chitetezo cha m'dziko za aphunzitsi amene ali ku Dzaleka. Muli anthu amene ankaphunzitsa Chifalansa kwawo asanathawe nkhondo, ndipo malamulo athu sawalola kugwira ntchito momasuka kunja kwa msasa. Ngakhale chilolezo chapadera choti azithandiza ana a sukulu za ku Dowa ndi maboma oyandikana nawo kuyankhula chingasinthe zambiri, pamtengo wochepa.

6. Akatswiri a ku Malawi Institute of Education ku Domasi, pamodzi ndi aphunzitsi a Chifalansa a m'mayunivesite athu, adzaone makatoni aja. Zoyenera kusindikizidwa zisindikizidwe m'dzina la mwini wake, banja lake lipindule nazo, ndipo zotsalazo zikasungidwe ku National Archives ku Zomba. Ife ana awo a sukulu tavomerezana kulipira galimoto yonyamula.

7. Pa 5 Okutobala, tsiku lokumbukira aphunzitsi padziko lonse, Unduna uzitchula mayina a aphunzitsi amene amwalira m'chakacho, opuma ndi omwe anali pantchito, ndipo banja lililonse lizilandira kalata yothokoza. Pamaliro a aphunzitsi athu panalibe ngakhale uthenga wochokera kwa amene anawalemba ntchito, ndipo mayi amasiye anatifunsa ngati boma likudziwa n'komwe kuti amuna awo anamwalira. Tinasowa chowayankha.

Ifenso sitikhala manja lende. Tayamba kusonkha ndalama zofolerera nyumba ija, ndipo anzathu atatu amene ali pafupi ndi sukuluyo akukumana ndi ana Loweruka lililonse kuti Chifalansa chisaiwalike pamene tikudikira mphunzitsi. Koma ife si olemba ntchito aphunzitsi, si osunga mafayilo, ndipo penshoni siili m'manja mwathu.

Tikupempha kuti mutipatse tsiku loti nthumwi zathu, pamodzi ndi mayi amasiye, tidzaonane nanu ku Capital Hill mwezi uno usanathe. Tidzabwera ndi makalata onse amene tinalemba, mapepala a malemuwa, ndi kope limodzi la zolemba zawo kuti mudzalione nokha. Yankho lanu lingatipeze kudzera kwa mkonzi wa nyuzipepala ino, amene ali ndi keyala yathu.

Ndine wanu mwaulemu,

Namwino, mmodzi mwa ana a sukulu a malemuwa,
m'malo mwa anzanga onse